Yankho kwa achemwali pa za njinga za ku Whistler

Achemwali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, ndiye ndati ndingoyankha ndi pakamwa, kulemba kunditalikira. Mukuti mnyamata wanuyo akufuna apite ndi anzake a ku koleji ku Whistler kukatsika phiri pa njinga, ndipo mwaona kanema wa anthu akutembenuzika m'malere njinga ili m'manja, mtima uli m'mwamba, mumulole kapena ayi. Ine ndikuti muloleni. Koma imvani kaye, pali zoti mumuuze.

Malowo ali ku British Columbia m'dziko la Canada, makilomita pafupifupi 120 kumpoto kwa Vancouver. Nthawi yozizira phiri lonse limakutidwa ndi chipale chofewa, anthu amakatsetsereka pa ski. Pokwera sayenda wapansi ayi, pali mipando yolendewera pa chingwe chachitsulo, injini n'kumakoka, iwe wangokhala miyendo ili lende mpaka pamwamba. Ndiye chipale chikasungunuka makina onsewo amangokhala, mahotela alibe alendo, antchito alibe chochita. Eni phiri anaona kuti mipando yomweyo ikhoza kumanyamula anthu ndi njinga zawo nthawi yotentha. Ku Whistler anatsegula zimenezi mu 1999, ndipo chaka chilichonse zimayamba cha m'mwezi wa May mpaka October. Si kokhako, ku Les Gets ndi ku Morzine ku France ziliko, ku Leogang ku Austria ziliko, ku Fort William ku Scotland nakonso. Njinga imakwera pa chonyamulira chake, pamwamba antchito amakutsitsira, basi iwe n'kuyamba kutsika.

Za kanema mwaonayo, ndikukhulupirira kuti ndi wa Crankworx, chikondwerero cha njinga chimene chimachitika komweko kuyambira 2004. Amenewo ndi akatswiri, achemwali, ndi ntchito yawo, amalipidwa. Mwana wanu sakafika n'komwe pamalo amenewo. Njira za m'phirimo anaziika m'magulu, iliyonse ili ndi chikwangwani chake: yobiriwira ndi ya oyamba kumene, ya buluu ndi ya amene azolowerako, yakuda ndi ya odziwa, ndiye pali ya zizindikiro zakuda ziwiri, imeneyo ngakhale odziwawo amayamba aima kaye n'kuyang'ana. Ku France amaikanso yofiira pakati pa buluu ndi yakuda. Ku Whistler yobiriwira yotchuka ndi Easy Does It, yotakasuka bwino, yokhotakhota pang'onopang'ono, ana aang'ono amadutsamo ndi makolo awo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi anzakewo. Kuli njira ina yotchedwa A-Line, yakuda, yodumphadumpha kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo aliyense wopita ku Whistler amafuna akabwerako azinena kuti ndinadutsa A-Line. Gulu la anyamata mukulidziwa. Mmodzi akangoti tiyeni, winayo sangakane poopa kusekedwa. Mumuuze mosapita m'mbali kuti tsiku loyamba ndi la yobiriwira, akaona kuti manja akhazikika alowe B-Line, ya buluu. Anzake akapita kwakuda, iye akawapeze pansi.

Eee, ndaonanso alamu alemba m'munsimo kuti amenewo ndi masewera a alesi, njinga yanji yosapalasa. Alamu, pepani, mwaphonya. Potsika sukhala pa chishalo, umaima pa mapedulo njira yonse mawondo atapindika, njinga ikugunda mizu ndi miyala, manja akulimbana ndi chiwongolero. Pofika pansi ntchafu zimanjenjemera, mikono imachita kuuma moti chala chogwira buleki chimakana kumvera. Ndipo vuto lenileni lagona pomwepo. Munthu wokwera phiri ndi miyendo yake amatsika kamodzi kapena kawiri, thupi limamuuza lokha kuti basi. Koma lifiti, mipando ya pa chingwe ija, imakubwezera pamwamba usanatuluke n'thukuta lomwe, umapuma pampando paja n'kumadziona ngati ukadali ndi mphamvu, kenaka wabwereza, wabwerezanso. Mwa anthu amene ndawaona akugwa, ambiri amagwa chakumadzulo, panjira yomwe m'mawa anadutsa bwinobwino. Ndiye akangomva kuti manja ayamba kulemera, aleke, ngakhale tikiti ikhale ya tsiku lonse. Amwenso madzi, chifukwa mphepo ya pa lifiti imabisa ludzu.

Kunama sindinama, anthu amavulala. Kawirikawiri ndi fupa la paphewa, dzanja, kapena kugunda mutu. N'chifukwa chake zovala si zokambirana. Chisoti chikhale chija chotseka ndi chibwano chomwe, osati kachipewa ka njinga za m'tauni. Zoteteza mawondo ndi zigongono, magolovesi, magalasi a m'maso, zambiri mwa izo amabwereketsa komweko. Akagunda mutu, ngakhale adzuke akuseka, tsiku latha pomwepo, akaonedwe ndi achipatala. M'phirimo muli gulu lopulumutsa anthu lomwe limayendera njirazo, nambala yawo aisunge mufoni asanakwere.

Njinga yake ya kusukulu ija asayerekeze kupita nayo. Zotsikira phiri ndi zina, zolemera, matayala onenepa, masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo otha kubonyera mpaka mamilimita 200, mabuleki a mafuta oti chala chimodzi chimakwana. Abwereke komweko, ndipo akawauze kulemera kwake kuti amuchunire masipuling'iwo. Kanthu kena kakang'ono koma kogwetsa anthu: ku Canada ndi ku America buleki yakutsogolo imakhala kudzanja lamanzere, pomwe ku UK ndi ku Australia imakhala kumanja. Ayese kaye pansi kuti adziwe iti ndi iti, ngati yasemphana ndi chizolowezi chake apemphe amusinthire, amasintha. Kufinya yakutsogolo mwadzidzidzi pamtsetse ndiye kuuluka kudutsa pa chiwongolero.

Ngati ndalama ilipo, mulipirireni mphunzitsi wa theka la tsiku. Pa zonse ndanenazi, chimenechi ndi chomwe ndingaumirire. Amakuphunzitsa kuima, kuyang'ana kutali m'malo moyang'ana tayala, kugwira buleki usanalowe pokhota osati uli mkati. Ndiponso malamulo a m'njira, monga osaima pamalo pomwe wobwera kumbuyo sangakuone, makamaka kuseri kwa chodumphira. Ukafuna kupuma umatulutsa njinga pambali.

Zimbalangondo ziliko, inde, zakuda, nthawi zina umaziona zikudya udzu uli pa lifiti. Sizilabadira anthu, bola osaziyandikira ndi foni kuti ujambule.

Mwina mukuganiza kuti ndi zibwana za anyamata. Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg ku South Africa anakhala katswiri wa dziko lonse wotsika phiri kanayi, mu 2003, 2012, 2013 ndi 2021, komalizako ali ndi zaka 39. Si kuti mwana wanu akakhale Minnaar ayi, ndikungoti ndi masewera oti munthu amakula nawo akamawachita mwanzeru.

Zotsala ndi za mapepala. Pali fomu yosaina yovomera kuti ukudziwa kuopsa kwake, ndipo ku British Columbia munthu amayesedwa wamkulu akakwanitsa zaka 19, ndiye ngati sanafike, konzekani kuti kusainako kudzafuna kholo. Aonenso inshuwalansi yake, chifukwa zina zimakana kulipira ngozi za masewera otere, awerenge bwinobwino kapena awaimbire awafunse. Mumuuze andiimbire Loweruka madzulo, ndikufuna ndimve kuti anzakewo ndi otani komanso anayamba akwerapo kapena ayi.