Lew Grade anali ejenti kapena wopanga mapulogalamu a pa TV?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Ena akuti Lew Grade anali ejenti wa oyimba ndi azisudzo, ena akuti ankapanga mapulogalamu a pa TV ku Britain. Zoona ndi ziti? Nanga ntchito ziwirizi zimakumana pati?"

Mwafunsa bwino. Zonse ndi zoona, ndipo yachiwiriyo inabadwa m'mimba mwa yoyambayo.

Grade anabadwira ku Ukraine mu 1906, m'banja la Chiyuda lomwe linathawira ku London mu 1912. Poyamba ankadya za miyendo yake: mu 1926 anapambana mpikisano wa gule wa Charleston ku Royal Albert Hall. Mawondo atayamba kuvuta, anatembenukira ku uejenti mu 1934, ndipo m'ma 1940 anatsegula kampani ndi mng'ono wake Leslie.

Ejenti sayimba, savina. Amapezera waluso pokasewera, amakambirana malipiro, kenako n'kudulapo yake, nthawi zambiri 10 peresenti. Chuma chake ndi mayina a anthu omwe akhoza kumuyankha foni. Pofika m'ma 1950, a Grade awiriwa anali atagwira aluso ochuluka zedi, kuphatikizapo akatswiri a ku America monga Bob Hope akabwera ku Britain.

Ndiye taganizani TV yoyendera ndalama za otsatsa malonda ikuyamba mu 1955. Makamera alipo, masitudiyo alipo, koma oti aime kutsogolo kwa kamera ali m'thumba mwa Grade. Bungwe lopereka ziphaso linaziwona zimenezi, ndipo poyamba linakaniza gulu lake chiphaso poopa kuti anthu omwewo akhala ogulitsa aluso komanso ogula. Koma gulu lina lomwe linapatsidwa chiphasocho linaperewera ndalama, magulu awiriwa anaphatikizana, n'kubadwa kampani ya TV yotchedwa ATV. Anakanizidwa pakhomo, analowera pawindo.

Apa ndi pomwe ine ndimamugomera. Grade sanali katswiri wa kamera kapena wolemba nkhani. Luso lake linali kugulitsa. Kudzera ku kampani yake ya ITC, ankajambula mapulogalamu pa filimu kuti azitha kuwatumiza kunja, makamaka ku America komwe kunali ndalama. Pulogalamu ya The Saint, momwe ankasewera Roger Moore, inazungulira dziko lonse mwa njira imeneyi, ndipo ulemu wa "Sir" womwe analandira mu 1969 unali wothokoza malonda akunjawa.

Nkhani ya Jim Henson ndiyo imaonetsa bwino diso la ejenti. Mawayilesi akuluakulu a ku America sanafune kutenga pulogalamu ya zidole zake. Grade anamuitanira ku masitudiyo ake a ku Elstree, ndipo The Muppet Show inayamba mu 1976 n'kukagulitsidwa ku America komweko. Ambiri omwe anagwira naye ntchito ankanena kuti mukangogwirana chanza, ndudu yake yaikulu ija ili pakamwa, nkhani yatha, mapepala abwera pambuyo.

Mafilimu a m'masinema ndiwo anamugwetsa. Raise the Titanic ya mu 1980 inadya ndalama zambiri osabweza, ndipo mu 1982 kampani yake inapita m'manja mwa Robert Holmes à Court wa ku Australia. Grade sanapume. Anatsegula kampani ina n'kumapitabe ku ofesi mpaka anamwalira mu 1998, ali ndi zaka 91.