Mnyamata wanu asankhe cornerback

Bambo, poti mwati mwana wanu amasewera American football ngati wide receiver (wowakha mpira) ndi cornerback (wotchinga wowakhayo) ku high school ku America, ndipo makoleji akumufuna mbali zonse ziwiri, ine ndikuti apite kotchinga, ku cornerback.

Anyamata odziwa kuwakha mpira ndi ambirimbiri, koma wamtali, waliwiro, wotha kuthamanga chafutambuyo n'kupotoloka osataya sitepe, makochi amachita kumusaka ndi nyali. Musangodalira nthawi imene amatenga pothamanga mayadi 40. Onerani vidiyo ya masewero ake. Akamabwerera m'mbuyo, kodi chiuno chimakhala pansi? Receiver akakhota mwadzidzidzi, iye amatembenuka pomwepo kapena amayamba waimirira? Woimirirayo amasiyidwa mayadi awiri, mpira wadutsa kale. Onaninso ngati amalowa ndi phewa pogwetsa mdani, mutu uli chodzuka. Ngati amazemba kugundana, iwalani zonsezi, akhale receiver basi.

Zosewera mbali zonse musaziwerengere. Travis Hunter anazichita ku yunivesite ya Colorado mpaka kulandira Heisman, mphoto ya wosewera wopambana m'makoleji, mu 2024, koma anthu otere ndi osowa, ndipo thupi limalipira. Charles Woodson, amene anailandira mu 1997 ku Michigan, ntchito yake yeniyeni inali cornerback, ku offense (mbali yofuna kugoletsa) ankangolowako apo ndi apo.

Asanasaine ndi koleji, funsani kochi wa ma cornerback kumeneko kuti osewera amene ali patsogolo pake ndi angati, ndipo atsala ndi zaka zingati. Ngati anavulalapo phewa, khosi kapena anagundidwapo mutu mpaka kuchita chizungulire, ayambe waonana ndi dokotala wa zamasewero, chifukwa kotchinga kugundana n'kwa tsiku ndi tsiku.