Chithunzi cha agogo anucho musachipentenso chonde

Mayi wina wa ku Kasungu wanditumizira imelo. Akuti kwawo kuli chithunzi chojambula pamanja cha malemu agogo awo, omwe anali khansala komanso mwini golosale ndi chigayo pa boma. Pano penti ikung'aluka, nkhope yada, ndiye achibale akuti angochipereka kwa mnyamata wolemba zikwangwani achipentenso. Funso lawo ndi loti apereke kapena ayi.

Achemwali, musapereke. Anyamata azikwangwaniwa ndimawalemekeza, luso alinalo, koma penti yawo ndi ya enamelo ija yopakira zitseko, ikakhala pamwamba pa penti yakale kuichotsa osawononga zapansi ndi ntchito yosatheka kunyumba, ndipo mnyamatayo agogo sanawaonepo, angokuikirani nkhope yosalala ngati ya pa chikwangwani cha babashopu basi. Amene anajambula poyambayo mwina anakhala nawo maso ndi maso, anaona mmene tayi ankamangira, mmene ankagwirira ndodo, makwinya apamphumi. Zimenezo ndiye agogowo.

Kudako nthawi zambiri ndi mwaye ndi fumbi, komanso vanishi akakalamba amasanduka wachikasu. Madzi ayi, sopo ayi, palafini kapena mafuta ophikira ndiye musayerekeze. Pezani bulashi yofewa youma muzisesa fumbi pang'onopang'ono, koma pomwe penti yatukuka osakhudza olo ndi chala. Ngati ikuyoyoka chigonekeni chagada.

Chomwe chimapha zithunzi kuno ndi khoma. Mvula ikayamba cha mu Disembala khoma limakoka chinyezi, hadibodi imafufuma, chinsalu chimachita chuku, kenako chiswe chalowa mu felemu inu osadziwa. Chipachikeni pa khoma lamkati, kutali ndi windo ndi utsi wa mbaula, kuseri muike timatabwa kuti mpweya uzidutsa. Galasi ndi labwino bola lisagunde penti.

Ine chomwe chikundikhudza kwambiri ndi china. Tikati Kasungu aliyense amathamangira kwa Kamuzu, nkhope yake ili pa K1000, sukulu yake ya Kamuzu Academy ili pa Mtunthama kuyambira 1981, ameneyo saiwalika. Nanga anthu ngati agogo anuwa, omwe ankakongoza alimi a fodya mchere ndi sopo mpaka msika utsegulidwe, nkumakakhalanso ku khonsolo kukangana za misewu ndi msika? Awa akuwasunga ndani? Ndinu nokha, achemwali.

Ndiye chijambuleni ndi foni panja pamthunzi, opanda fulashi, kutsogolo ndi kuseri komwe, pakona muyang'ane ngati wojambula anasainapo. Amene akufuna chowala mukawapulintire, kapena mnyamata uja ajambule china chatsopano poonera. Kenako mukhale pansi ndi azakhali akadali moyo, akuuzeni dzina lonse ndi mfunda, mudzi ndi mfumu yake, zaka zomwe anali khansala, golosale inali pati. Mulembe papepala ndi pensulo muike mu envelopu kuseri kwa felemu, osalemba ndi maka pachinsalu, inki imatulukira kutsogolo.