Mayi, kukayika sikunakuchotseni m'gulu la Yesu

Mayi wina wa ku Chinamwali wandilembera pa imelo. Mwana wawo anamwalira atadwala nthawi yaitali, ngakhale iwo anasala kudya, anakwera phiri kukapemphera, mpaka anapereka "mbewu" kwa mneneri wina. Tsopano akuti akagwada mawu satuluka, ndipo bulauzi yoyera ya Mvano amaivala ndi manyazi. Funso lawo ndi lakuti, "Kodi ndikadali Mkhristu?"

Pepani kwambiri, mayi. Inde, mukadali Mkhristu.

Amene akukuuzani kuti mwanayo anapita chifukwa chikhulupiriro chanu chinachepa akukunamizani, ndipo bodza limeneli limandiwawa kwambiri. Namondwe wa Freddy atawomba kuno kummwera mu Malichi 2023, madzi ndi matope sizinalambalale nyumba za opemphera.

Tsegulani Mateyu 11. Yohane, yemwe anabatiza Yesu ndi manja ake mu Yordano, ali m'ndende ya Herode, ndipo akutuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesuyo ndiyedi wolonjezedwa uja kapena adikire wina. Yesu sanamukalipire. Anawauza kuti akamufotokozere zimene akuona ndi kumva, kenako anauza khamu kuti mwa obadwa mwa akazi palibe woposa Yohane. Koma onaninso ichi, chimene alaliki ambiri amachilumpha: Yohane sanatuluke m'ndendemo, anadulidwa mutu. Kuyamikidwa ndi Yesu sikunamutsegulire chitseko.

Ngati mawu anu akukanika, bwerekani a Salimo 88. Wolembayo akudandaula kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo salimoyo imathera mu mdima, popanda aleluya. Komabe ili m'Baibulo lomwelo timawerenga Lamulungu lililonse. Kumuuza Mulungu kuti mwakwiya ndi pemphero ndithu.

Lachinayi pitani ku Mvano, ngakhale mukakhale kumbuyo osaimba. Mutu umodzi susenza denga. Sankhaniko mayi mmodzi wosunga pakamwa, makamaka amene anaikapo mwana m'manda, mumuuze zonse monga mwandiuzira ine. Kwa mneneri wa mbewu uja musabwererekonso, ndalama zanu mugulire ufa ana otsalawa.

Mwatchulanso kuti tulo sitikubwera ndipo nsima mukungoiyang'ana. Zikapitirira kwa milungu ingapo, kapena mukayamba kuganiza zodzipweteka, musadikire, pitani kuchipatala. Kuno ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, ndipo kukaonana ndi adokotala sikutsutsana ndi pemphero. Mukapite ndi mayi mwamusankha uja.