Chuku pa mkute: mwana timuuze chiyani?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti mwana wawo wa Sitandade 6 anapeza mkute utachita chuku, ndiye anafunsa ngati chuku ndi chomera kapena kachilombo. Iwo anangoti, "Kataye, n'zoipa." Pano akufuna yankho loposa pamenepo.

Mayi, yambirani pa bowa, poti mwanayo amaudziwa kale. Bowa womera pachulu, yisiti wofufumitsira mandasi, chuku, ngakhale zipere za m'mutu, onsewa ndi a mtundu umodzi wotchedwa mafangasi. Si zomera ayi. Chomera chimadzipangira chakudya ndi dzuwa, pomwe fangasi amadya chimene wakhalapo: amatulutsa timadzi tochisungunula, kenako n'kuyamwa. Kale akatswiri ankawaika pamodzi ndi zomera, mpaka mu 1969 pamene Robert Whittaker anawapatsa gulu lawolawo.

Koma mwana samva ndi mawu okha, aone. Tengani zidutswa ziwiri za buledi, chimodzi muchiumitse padzuwa, chinacho muchidonthezere madzi pang'ono. Chilichonse chilowe m'jumbo yake yoonekera, mumange, muike pamalo ofunda. Pakapita masiku angapo chonyowacho chimamera ubweya woyera ngati thonje, kenako timadontho takuda pamwamba. Timadonthoto ndi timatumba todzaza njere zosaoneka ndi maso, zouluka ndi mphepo. Ndiye jumboyo asaimasule, asainunkhize, akatha kuona itayidwe yomanga chomwecho. Mumufunse yekha kuti n'chifukwa chiyani chouma chija sichinasinthe.

Chimene ndikufuna mwanayo agwiritse ndi ichi: ubweya umene tikuuonawo ndi gawo laling'ono chabe. Timaulusi ta chuku timalowerera m'kati mwa chakudya, monga mmene thupi lenileni la bowa limakhalira pansi pa nthaka. N'chifukwa chake kupala pamwamba pa mkute n'kudya zotsalazo, monga ambirife tinkachitira tili ana, n'kudzinamiza.

Apa nkhani imafika kunkhokwe. Chuku wina, Aspergillus flavus, amakonda chimanga ndi mtedza wosauma bwino, ndipo amasiyamo poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuthetsa. Anadziwika pambuyo poti nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England mu 1960 zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mwana amene waona jumbo ziwiri zija sadzavuta kumvetsa chifukwa chake timatola mtedza wowola tisanasinje nsinjiro.

Musamusiye akudana ndi chuku yense, komabe. Mu 1928, ku London, Alexander Fleming anaona kuti chuku wa mtundu wa Penicillium wagwera m'mbale yake yofufuzira ndipo mabakiteriya oyandikana naye afa. Penisilini wa kuchipatala anayambira pamenepo. Ana amaseka akamva zimenezi, ndipo funso lotsatira limakhala lakuti, "Ndiye ndidye mkutewo?" Muyankhe kuti ayi.