Mayi akufuna wa malata, mtima wanga uli kwa mphunzitsi

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala ku Lilongwe. Zaka zitatu tsopano ndili pa chibwenzi ndi mphunzitsi wa pulayimale. Alibe chuma, amakhala nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, koma timamvana. Bambo atamwalira, mkulu wina wa zaka 46 wogula ndi kugulitsa zokolola anayamba kuthandiza kwathu. Walipirira mlongo wanga fizi matemu anayi, wakhoma malata pa nyumba ya mayi, ndipo pano watumiza mawu kuti akundifuna banja. Mayi akuti chikondi sichiphikidwa, ndipo ndikamukana ndawavula pagulu. Mnzanga anandibwereka buku la Jane Austen lotchedwa Pride and Prejudice nati yankho lili momwemo. Ndawerenga, koma ndangosokonezeka, chifukwa mtsikana wokana chuma uja anadzakwatiwa ndi wolemera kuposa onse. Nditani?

Wothedwa nzeru, Lilongwe

Mwana wanga,

Wawerenga ndi maso, ndipo wagwira pomwe ambiri amadumpha. Buku lija, lomwe linatuluka ku England mu 1813, silinena kuti ndalama n'zachabe. Mwinanso limawerengera ndalama kuposa mayi ako. Banja la a Bennet lili ndi ana aakazi asanu, wamwamuna palibe, ndipo nyumba ndi minda yawo ya Longbourn zinamangidwa ndi lamulo lakuti wolowa chuma akhale mwamuna basi. Bambo akangotseka maso, zonse zipita kwa wachibale wawo, m'busa Collins, amayi ndi atsikana n'kutuluka. Gawo la Elizabeth, mtsikana wokana chuma uja, linali mapaundi 1,000 obala 40 pa chaka, ndipo akanalilandira amake atamwalira, pomwe Darcy, wolemera amene anadzamukwatira uja, ankapeza 10,000 pa chaka. Mayi Bennet timawaseka kuti ndi osusukira akamwini olemera, koma mantha awo anali ndi maziko. A mayi akonso ali nawo. Usawanyoze.

Tsono tayang'ana Charlotte Lucas, mnzake wa Elizabeth, wa zaka 27 ngati iwe, amene analola Collins Elizabeth atamukana. Anapeza nyumba ndi chakudya, inde. Koma Elizabeth atapita kukamchezera anapeza kuti Charlotte wasankha kumakhala m'chipinda cha kumbuyo, chosaoneka bwino, kuti mwamuna asamabwereko pafupipafupi, ndipo amamulimbikitsa kumatandala ku dimba. Mkazi wokonza nyumba yake n'cholinga chakuti asamaonane ndi mwini wake! Charlotte sindimamudzudzula, chifukwa nthawi imeneyo mtsikana wa banja longa lake analibe ntchito yolemekezeka yoti adzidyetse nayo, ndipo katundu wa mkazi ankagwera m'manja mwa mwamuna pa tsiku la ukwati, mpaka malamulo a 1870 ndi 1882 atasintha zimenezi. Iwe uli ndi malipiro a mwezi ndi mwezi. Khoma limene linamupanikiza iye silili kumbuyo kwako.

Za Darcy uja, kumbuka kuti Elizabeth anamukana ulendo woyamba chuma chonsecho chili pomwepo, chifukwa anamufunsira momunyozetsa abale ake. Ndipo pamene Darcy anawononga ndalama zake kupulumutsa Lydia, mng'ono wa Elizabeth amene anathawa ndi mnyamata wa ngongole dzina lake Wickham, anachita mobisa, nafuna kuti Elizabeth asadziwe. Apa ndi pomwe uyesere mkulu wakoyo. Malata aja akutchulidwa pokufunsira? Ngati akutchulidwa, kaya ndi iye kaya ndi mayi, sinali mphatso. Inali ngongole yomwe akufuna ibwezedwe ndi munthu.

Ngongole imabwezedwa ndi ndalama. Khala pansi ndi mayi sabata ino, kope ndi cholembera m'manja, mulembe chilichonse chomwe mkuluyo anapereka: fizi ya temu iliyonse, malata angati, misomali, mmisiri, matumba a chimanga kapena feteleza ngati analipo, ndi mwezi wake. Anthu ambiri amaopa kuwerengera, ndiye ngongole imakula m'mutu n'kufika pooneka ngati moyo wonse. Ikalembedwa imakhala nambala, ndipo nambala imagawika pa miyezi 18 kapena 24. Kuyambira lero pasalowenso kanthu kuchokera kwa iye, ngakhale mayunitsi kapena thumba la shuga. Makamaka usalandire chilichonse chooneka ngati chikole, monga chitenje, foni kapena mphete, chifukwa kumudzi adzati unalola, ndipo kukana kwa pambuyo pake kumasanduka mlandu.

Yankho lako lisadzere kwa mayi, poti iwo ali kale mbali imodzi ndipo akhoza kulifewetsa likamveke ngati "adikire pang'ono". Pita kwa amalume, eni mbumba, upite ndi azakhali kapena mayi wamkulu wa kumpingo amene amakumvera. Uwauze mawu atatu osapita m'mbali: mkuluyo sukumufuna, zomwe anathandiza mwazilemba ndipo mubweza, ndiponso uli naye wina amene akufuna kudzaonekera. Amalume akatule mawuwo kwa mkuluyo pali mboni, mwaulemu, ndi kuthokoza. Pobweza, tumizani pa foni kapena ku banki kuti pakhale umboni, kapena asainire m'kope. Akakana kulandira nati inali mphatso, anene zimenezo pamaso pa mboni zomwezo, nkhani ithere pomwepo. Akayamba kuopseza kapena kukulondalonda kuntchito, sunga mauthenga ake onse upite ku Victim Support Unit ya polisi. Gawo 22 la malamulo oyendetsera dziko lino limanena kuti munthu asakakamizidwe kulowa m'banja, ndipo palibe bwalo, la mfumu kapena la boma, lomwe lingakugamule kuti ukwatiwe chifukwa cha malata.

Pali funso lomwe sunalitchule, ndipo landidetsa nkhawa: mwamuna wa zaka 46 wa bizinesi yake, mkazi alibe? Ana? Ukwati wa chikhalidwe umalola mitala, wa kwa DC sulola. Mayi afunse zimenezi asanapitirize kumutamanda, chifukwa chuma chomwe akuchionacho chikhoza kukhala ndi eni ake kale.

Tsopano za mphunzitsi wako, ndipo apa ndikulankhula molimba. "Timamvana" si bajeti. Lydia ndi Wickham nawo ankakondana poyamba, koma anathera kusamukasamuka nyumba ndi kupempha kwa abale. Mufunse akuonetse pepala la malipiro ake, iwenso umuonetse lako. Usayang'ane nambala ya pamwamba, yang'ana ya pansi, yotsala akadula. Ogwira ntchito m'boma ambiri ali ndi ngongole zodulidwa malipiro asanafike m'manja, ndipo yoopsa kwambiri ndi ya katapila, yomwe sioneka pa pepala. Mufunse mwachindunji ngati khadi lake la ku banki lili ndi iye kapena linagwidwa chikole kwa wina. Mufunse amathandiza anthu angati kwawo ndi ndalama zingati. Kenako phatikizani zotsala zanu, muchotse lendi, chakudya, makala, magetsi, madzi, thiransipoti, za kwa mayi ako, za kwa makolo ake ndi gawo lobwezera mkulu uja. Zikakwana, ngakhale movutikira, muli ndi poyambira. Zikapanda kukwana, sunthani tsiku la ukwati, musasunthe nambala. Ndipo uone nkhope yake pomwe ukufunsa. Mwamuna amene akwiya ukamufunsa za ngongole lero adzakubisira zambiri mawa. Kambiranani za kusamutsidwa: akamutumiza ku sukulu ya kumudzi, ntchito yako itani? Usaisiye wamba, chifukwa ndi imene ikukupatsa mphamvu yokana lero. Mukayezetsenso magazi limodzi musanaitane ankhoswe.

Chinkhoswe ndi ukwati zikhale za msinkhu wanu. Mabanja ena aang'ono amagwa m'chaka choyamba chifukwa anakongola za holo, magalimoto ndi zovala akudalira perekaniperekani, ndalama n'kusakwana. Kwa inu chiyeso chidzakula, poti anthu adzafuna kuona ngati mphunzitsi angafanane ndi wa zokolola uja. Musapikisane naye. Mukadzagula puloti, mayina onse awiri alembedwe pa mapepala, malisiti a simenti ndi njerwa musunge, ndipo aliyense alembe wilu yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, koma mapepala ndi amene amafupikitsa mkangano.

Mayi ako asiyire nthawi yawoyawo, pasakhale amalume kapena wina aliyense. Chomwe akuopa si manyazi okha ayi. Akuopa kuti mlongo wako asiyira sukulu panjira, ndi kuti denga likadzadontha sipadzakhala wokwera. Mawu oti "musadandaule" sawachiritsa. Apatse nambala: zakuti pa mwezi za pakhomo, zakuti pa temu za fizi, tsiku lakuti. Ikhale nambala yomwe ungakwanitse ngakhale mwezi wovuta, ndipo uyambe kutumiza mwezi uno, nkhani ya ukwati isanafike n'komwe. Za fizi yotsala, mlongo wako akafunse kwa aphunzitsi aakulu ndi ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya pa boma za thandizo la ana amasiye, atatenga kalata ya mfumu ndi umboni wa imfa ya bambo. Mayi akhoza kukhala miyezi ingapo osakuyankha bwino pa foni. Uziimbabe Lamlungu lililonse, ndipo ndalama isaphonye tsiku lake.

Azakhali