Croissant wa amondi ndi mkute, achemwali, musadzizunze

Imelo inafika Lachiwiri usiku ndipo ndakhala nayo pamtima mpaka lero. Alemba ndi mayi wina wa ku Lilongwe. Akuti ayesa katatu kupanga ma croissant, timabuledi ta ku France ta ufa wopindapinda ndi batala, kuyambira pa ufa kuti kenako awaike mtedza wa amondi, maulendo onse atatu batala wathawira m'thireyi, ndipo apongozi awo akubwera kumapeto kwa mwezi. Funso lenileni analisiya kumapeto kwa kalata: "Kodi ndikagula ma croissant kusitolo n'kungoikamo amondi, sichikhala chinyengo?"

Mawu akuti chinyengowo ndi amene andisowetsa tulo. Achemwali, inu simundidziwa, koma mawu omwewa ndinadziuzapo ndekha nditaimirira m'khitchini mwanga ku Blantyre, manja ali batala yekhayekha, misozi ili chuchuchu. Ndiye ndiloleni ndiyambire kutali pang'ono.

Ndisanakwatiwe ndinakagwirako ntchito ku Cape Town, monga amachitira anzathu ambiri. Ndinapeza malo pakanyumba kena kophikira buledi, ntchito yanga inali yotsuka mathireyi ndi kukolopa. Tinkayamba 4 koloko mbandakucha, kunja kuli zii, mphepo ya kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Wophika wamkulu anali bambo wachikulire wobadwira ku France, munthu wosachulutsa mawu. Madzulo aliwonse ma croissant osagulidwa ankaikidwa m'kabokosi n'kuvindikiridwa ndi nsalu. Sabata yoyamba ndinkaona ngati ndi otaya, ndipo mtima unkandiwawa, chifukwa kumene ndinkagona tinali anthu asanu m'chipinda chimodzi ndipo tiyi tinkamwa wopanda chomwera. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kupempha kuti ndizitengako. Bamboyo anakana, koma osati mwankhanza. Anandipatsa buledi wina, n'kundiuza kuti mawa ndisathamangire ku sinki, ndiime pambali pawo ndione.

M'mawa mwake ndinaima pamenepo. Anatenga croissant wadzulo, wouma pang'ono, wosawala ngati watsopano, n'kumucheka cham'mbali ndi mpeni wa mano, kusiya msana wosaduka kuti atseguke ngati buku. Anamuviika m'beseni la madzi a shuga, osamusiya m'menemo ayi, kungolowetsa n'kutulutsa, kenako kumufinya pang'ono ndi zala kuti madzi otsala adonthe. M'kati anapakamo phala loyera la amondi, anatseka, anapakanso pamsana, n'kumwaza amondi wodulidwa mopyapyala, akumakanikiza ndi chikhatho kuti amatirire. Patapita mphindi ngati 20 fungo linadzaza nyumba yonse, fungo la batala wopsereza m'mbali ndi mtedza wokazinga. Atazizira anawasefera shuga wa ufa pamwamba n'kukawaika pawindo. Mtengo wake unali woposa wa croissant watsopano, ndipo ndi amene ankayamba kutha.

Ndinaganiza za agogo anga nthawi yomweyo. Kwathu nsima yotsala usiku sinkatayidwa. M'mawa agogo ankatenga mkute uja, kuuika pamakala mpaka khungu lake lichite thekethe, ife tikumenyanirana mbali yopserera tisanapite kusukulu. Palibe ankanena kuti agogo akutinyenga potipatsa za dzulo. Croissant wa amondi, amene Afalansa amamutchula kuti croissant aux amandes, ndi mkute wa ophika buledi a ku France. Anabadwa chifukwa chokana kutaya chakudya. Iyi si njira yachidule ya anthu aulesi, ndi njira yake yeniyeni, ndipo pali chifukwa chake: croissant watsopano ndi wofewa ndi wachinyezi, mukamuviika m'madzi a shuga amangosanduka phala. Wadzulo wauma, ali ndi ludzu, amamwa madziwo koma amakhalabe woima.

Chomvetsa chisoni n'choti zonsezi ndinazidziwa, ndinaziona ndi maso anga, koma nditabwerera kumudzi ndinaziiwala dala. Mayi anga ankabwera kudzationa kuchokera ku Ntcheu ndipo ndinkafuna aone kuti mwana wawo sanapite kunja pachabe. Kugula kusitolo ndinakuona ngati manyazi. Unali mwezi wa Okutobala, Blantyre akutentha moti ngakhale khoma ukaligwira limafunda. Ndinagula batala weniweni ndi ndalama imene inayenera kukhala ya ndiwo za sabata yonse. Ndinakanda ufa usiku, kuugoneka mufiriji. M'mawa mwake ndinatambasula ndi botolo, kuika batala pakati, kupinda, kubwezera mufiriji. Ndisanapinde kachiwiri magetsi anazima. Ndinadikira ndi maso pababu mpaka madzulo. Nditatsegula firiji ndinapeza batala wafewa, ndipo nditangokanikiza botolo anabowola ufa n'kutulukira m'mbali. Ndinapitirizabe, ndikuwaza ufa pamabowo ngati ndikumata mphika wong'ambika. Tsiku lachitatu zimene zinatuluka mu uvuni zinali timabanzi tolimba tikusambira m'mafuta.

Mayi anafika ndikulira. Sanandifunse zambiri. Anatenga sipuni n'kuyamba kukokolola batala wosungunuka m'thireyimo, kumuthira m'kakapu, akuti tikazingira mazira mawa. Timabanzi tija anadya tiwiri ndi tiyi, akuviika. Mpaka lero ndikakumbukira msana wawo atawerama pathireyi ija, mtima umandipweteka, chifukwa anayenda ulendo wonsewo n'kupeza mwana wawo atatopa, wopanda ndi mphamvu zoti akhale nawo pansi acheze.

Tsono achemwali, mverani, vuto si manja anu. Ufa wa croissant umapindidwa patatu, maulendo atatu, ndipo mukawerenga batala amagawanika m'timizere 27 tosanjikizana ndi ufa, kalikonse kopyapyala kuposa pepala. Mu uvuni madzi a m'batalamo amasanduka nthunzi n'kukankha timizereto kuti titalikirane, n'chifukwa chake croissant wabwino m'kati mwake mumaoneka ngati chisa cha njuchi. Kuti zimenezi zitheke batala ayenera kukhala wozizira koma wopindika kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Batala amasungunuka kutentha kukangopitirira madigiri 30 pang'ono, ndiye poyembekezera kuti ma croissant afufume, malo sayenera kupitirira madigiri 26 kapena 27. Tsopano ganizirani khitchini ya ku Lilongwe masana a Okutobala, denga lili la malata. Ophika a ku Paris amagwira ntchito m'zipinda zozizira, ali ndi makina otambasulira ufa, ali ndi batala wa mafuta osachepera 82 peresenti wopangidwira ntchito imeneyi, ndipo anaiphunzira kwa zaka. Mabanja wamba a ku France nawonso sadzuka usiku kupinda ufa. Amapita kukagula pakona.

Ndiye n'chifukwa chiyani ife tikudzisenzetsa katundu amene eni akewo sasenza? Apa pokha ndiye ndimakwiya. Timavidiyo ta pa intaneti timakuonetsani ntchito ya masiku atatu m'mphindi imodzi, manja oyera, tebulo lamwala lozizira, palibe thukuta, palibe magetsi kuzima. Mayi akaonera amayamba kudziona wolephera. Ndipo pali kachikhulupiriro kena pakati pathu kakuti mkazi weniweni ndi amene wavutika kwambiri m'khitchini, ngati kuti chikondi chimayezedwa ndi kupweteka kwa msana. Ine ndikukana. Ndikukanitsitsa. Kodi mukamaphika nsima mumayamba mwapanga nokha chigayo? Mukamathira shuga mu tiyi wa apongozi, munalima nokha nzimbe ku Nchalo? Chinyengo n'kunena kuti mwapanga chimene simunapange. Akakufunsani muwauze poyera kuti ma croissant ndinagula, phala la amondi ndapanga ndekha, ndipo umu ndi mmene amachitira ku France. Palibe bodza pamenepo.

Ndipo Afalansawo croissant sanamulote okha. Kholo lake ndi kipferl wa ku Austria, kabuledi kopindika ngati mwezi watsopano. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1830, August Zang wa ku Vienna anatsegula malo ophikira buledi mumsewu wa Richelieu ku Paris, anthu anakonda zophika zake, ophika ena anayamba kutengera. Mpaka lero zophika za mtundu umenewu amazitchula viennoiserie, kutanthauza za ku Vienna. Ufa wopindapinda uja unabwera pambuyo pake. Chakudya chimayenda choncho, wina amalandira kwa wina n'kuwonjezerapo chake. Mawu akuti croissant amangotanthauza mwezi wopindikawo, ngakhale ku France masiku ano owongoka ndi amene kawirikawiri amakhala a batala weniweni, opindika nthawi zambiri amakhala a majarini. Kwathu kuno musadalire maonekedwe, funsani ogulitsa. Akakhala a majarini musabwerere chimanjamanja, gulanibe, phala lija limakwirira zambiri.

Amondi naye ndi nkhani ina. Ndikudziwa mmene dzanja limanjenjemerera potenga kapaketi kake pashelefu. Ndi wodula chifukwa amachokera kutali. Pafupifupi 80 peresenti ya amondi wa dziko lonse amalimidwa ku California, ndipo kuti afike ku Lilongwe wadutsa m'manja ambiri. Ndi mtedza wakalekale, womwe uja unabala pa ndodo ya Aroni, ndipo ndimaulemekeza. Koma ndinene pano kuti ndapangapo phala lomweli ndi makademiya wa ku Thyolo ndipo linali lokoma mwakuti ana ananyambita mbale, kungoti makademiya ali ndi mafuta ambiri, batala muchepetseko. Ndapanganso ndi nsinjiro za mtedza wathu wokazinga pang'ono, wochotsa khungu. Kukoma kwake n'kwina, n'kwamphamvu, sikungakunamizeni kuti ndi amondi, ndiye musamutchule wa amondi, mutchuleni wa mtedza, ndipo mumunyadire. Chimene sindigwirizana nacho n'kuthira timadzi ta fungo la amondi tambirimbiri kuti mubise kuti amondi mulibe. Timadzi timeneto tikachuluka chakudya chimanunkha mankhwala. Dontho limodzi kapena awiri basi, kapena osathira n'komwe.

Madzi a shuga

Madzi mamililita 200, shuga magalamu 100. Wiritsani mphindi ziwiri, phulani, azizire. Ku France ambiri amathiramo sipuni ya mowa wa ramu. Ine ndimaponyamo khoko la lalanje akali otentha.

Phala la amondi

Ili ndi losaiwalika chifukwa zonse n'zofanana kulemera: batala wofewa magalamu 100, shuga 100, amondi wopera 100, ndi mazira awiri, omwe opanda zikhokhombe amalemeranso pafupifupi 100. Takasani batala ndi shuga ndi mthiko mpaka zisalale, thirani amondi, kenako mazira limodzi limodzi, sipuni yaikulu imodzi ya ufa wa tirigu, kamchere ndi vanila. Musamenye kwambiri, mpweya ukachuluka phala limafufuma n'kuyenderera m'thireyi. Likaoneka lamadzimadzi chifukwa cha kutentha, liikeni mufiriji theka la ola. Mukagula amondi wathunthu, muwiritseni mphindi imodzi, khungu lake limavuka ndi zala, muyanike aume bwino, kenako sinjani mumtondo pamodzi ndi shuga wina kuti asatuluke mafuta, n'kusefa ngati nsinjiro.

Zimenezi zikwanira ma croissant 6. Agulenitu dzulo lake, agone m'pepala, osati m'pulasitiki, kuti aume. Mukaiwala n'kugula tsiku lomwelo, achekeni muwaike mu uvuni wofunda mphindi zisanu. Chekani, nyowetsani m'kati ndi pamsana, pakani masipuni awiri a phala m'kati ndi imodzi pamwamba, mwazani amondi wodula, uvuni pa madigiri 180 kwa mphindi 15 mpaka 20. Amondi wapamwamba akayamba kuda m'kati musanapse, vindikirani ndi foyilo. Asiyeni azizire musanawanyamule, chifukwa akali otentha amakhala ofooka ndipo amathyoka, ndipo shuga wa ufa muwasefere atazizira.

Magetsi akakuthawani tsiku limenelo musataye mtima ngati ine. Awa amapsa bwinobwino mumphika waukulu pambaula, monga timachitira ndi chigumu: makala ochepa pansi, ambiri pachivindikiro, thireyi muikweze pa timiyala titatu kuti pansi pasapserere, ndipo muzisuzumira pakapita mphindi khumi. Madzi a shuga ndi phala mupangiretu usiku, zimasungika mufiriji masiku awiri, kuti m'mawa apongozi akamafika ntchito yanu ikhale ya mphindi zochepa chabe.

Batala amene watsala pa maulendo atatu aja, ngati alipo, ndi amene mupangire phalali. Mukawalandira alendo mundilembere, ndikufuna kumva kuti munasankha amondi kapena nsinjiro.